Mafunso Anu pa Zamakompyuta: kodi ndingakopere webusaiti yonse ndizikawerenga kumudzi popanda data?

Mwezi uno makalata ambiri amene mwatitumizira akuzungulira pa nkhani imodzi, yoti bandulo ikudula, netiweki ikuvuta, nde kodi palibe njira yoti zinthu za pa intaneti munthu uzitenge kamodzi n'kumakawerenga kunyumba. Ndasankhapo asanu, loyambali ndakhalapo nthawi yaitali chifukwa mayankho a enawo akutsamira pomwepo.

FUNSO: Zikomo akulu. Ine ndine mphunzitsi wa Biology ndi Agriculture pa CDSS ina kuno ku Ntchisi. Netiweki kwathu kuno imagwira pachulu pokha kuseri kwa ofesi ya ahedi, ndipo bandulo ndimagula ya m'thumba mwanga. Pali webusaiti ina ili ndi manotsi abwino kwabasi, zithunzi za mtima, mapapo, maselo zonse zilipo, ndimafuna ana a Fomu 4 aziwerenga okha MSCE isanafike. Mnzanga anandiuza zoti pali pulogalamu imene imakopera webusaiti yonse n'kuiika mu laputopu. Ndi zoona? Laputopu ndili nayo yakale ya Windows, ndipo kumapeto kwa mwezi ndimapita ku Lilongwe kwa mlamu wanga amene ali ndi Wi-Fi.
Mphunzitsi, Ntchisi

YANKHO: Aphunzitsi, mnzanuyo sananame ayi. Pulogalamu imene akunenayo mwachidziwikire ndi HTTrack, pa Windows imatchedwa WinHTTrack. Anailemba ndi munthu wina wa ku France dzina lake Xavier Roche, inatuluka koyamba mu 1998, ndi yaulere, ndipo ndi yopepuka moti laputopu yanu yakaleyo siimva kulemera. Maonekedwe ake ndi achikalekale, musakhumudwe mukaitsegula, ntchito imagwirabe.

Zimene imachita ndi zomwe inuyo mukanachita mukanakhala ndi nthawi yopanda malire. Mumaipatsa adiresi ya tsamba loyamba, iyo imatsegula tsambalo, kulisunga, kutenga zithunzi zonse zili pamenepo, kenako imayang'ana malinki onse a patsambalo n'kuyamba kuwatsata limodzi limodzi, tsamba lililonse lomwe yafika imachitanso chimodzimodzi. Chanzeru chake chili apa: ikamaliza imasintha malinki aja kuti asamalozenso ku intaneti koma aziloza ku mafayilo amene ali mu foda ya mu laputopu yanu. Nde mwana akadina pa mawu oti mtima, tsamba la mtima limatseguka pompo ngakhale data ilibe.

Kagwiritsidwe kake si kovuta. Mukaitsegula dinani Next, lembani dzina la polojekiti, tinene kuti Biology, ndipo sankhani foda yosungiramo, mukapanda kusankha imaika pa C:\My Web Sites. Tsamba lotsatira pali malo olembapo adiresi ya webusaiti ija, ndipo pa Action musiye pa Download web site(s). Apa ndi pamene anthu ambiri amathamangira kudina Next kenako Finish, inu musatero, yambani mwadina Set options.

Ndikunena izi chifukwa ndinazionapo ndi maso anga. Ndinkathandiza sukulu ina kutenga webusaiti ya maphunziro, tinaisiya ikukopera usiku wonse pa bandulo ya usiku osaika malire alionse. M'mawa kukacha tinapeza bandulo yatha, foda yadzaza masamba masauzande, koma titatsegula tinapeza kuti ambiri mwa masambawo anali a kalendala. Webusaitiyo inali ndi kakalendala pambali kokhala ndi linki yoti mwezi wamawa, nde pulogalamu ija inangoti mwezi wamawa, mwezi wamawa, mpaka zaka zakutsogolo zomwe sitidzaziona, masamba opanda kanthu okhaokha, pomwe manotsi enieni amene tinkawafuna anali asanafikidwe n'komwe. Ahedi a pasukulupo anali atatulutsa ndalama ya bandulo m'thumba mwawo, zinandiwawa kwambiri tsiku limenelo.

Nde mu Set options muja pitani pa Limits. Pali Maximum mirroring depth, kumeneko ndi kuya kwake, kuti pulogalamu itsate malinki masitepe angati kuchokera pa tsamba loyamba, yambani ndi 3 kapena 4 muone zomwe zibwere. Pali Maximum external depth, apo ikani 0 kuti isatuluke kupita ku mawebusaiti ena, apo ayi linki imodzi yopita kwina ikhoza kukutengerani kutali kosabwerera. Palinso Site size limit, pamenepo mumalemba malire a kukula kwa zonse koma dziwani kuti amawerengera ma byte, ndiye mukafuna isadutse 500 MB mulembe 500000000. Mukachoka apo pitani pa Scan Rules, ndi pomwe mumaiuza zoti isatenge. Mukalemba -*.mp4 ndi -*.zip mavidiyo a mtundu umenewo ndi mafayilo a zip iziwadumpha, ndipo amenewa ndi omwe amamaliza bandulo msanga.

China chothandiza, ngati manotsi a Biology ali pa chigawo chawochawo cha webusaitiyo, musaipatse adiresi ya tsamba lalikulu lakumaso, ipatseni adiresi ya chigawo chimenecho. Mukatero mupeza zomwe mukufuna zokha, ntchito ithanso msanga.

Magetsi akathima pakati kapena Wi-Fi ikaduka musadandaule, mukatsegulanso polojekiti yomweyo pa Action sankhani Continue interrupted download, ipitiriza pomwe inalekera. Mwezi winawo mukapitanso ku Lilongwe sankhani Update existing download, imayang'ana zimene zasintha. Koma musanapange update koperani kaye foda yakale ija pa flash, chifukwa tsamba likachotsedwa pa intaneti update ikhoza kulichotsanso kwa inu. Ndipo kafoda kotchedwa hts-cache kamene mukapeze mkatimo musakafufute poganiza kuti ndi zinyalala, ndi komwe pulogalamuyo imakumbukirira pomwe inafika.

Tsopano ichi ndi chomwe ndikufuna mugwiritsitse kuposa zonse. Musanachoke kwa alamu anuwo, zimitsani Wi-Fi pa laputopu, zimitsani kwenikweni, kenako tsegulani foda ija mudine pa fayilo yotchedwa index.html, muyende m'masamba ngati mmene mwana wa Fomu 4 angayendere. Tsegulani mutu wa mtima, onani ngati chithunzi chikuoneka, tsegulani wa mapapo, pitani mpaka mitu ya kumapeto. Wi-Fi ikakhala yoyaka mumanamizika, chifukwa chomwe chasowa mu foda browser, pulogalamu yotsegulira masamba monga Chrome, imakachitenga pa intaneti mwakachetechete inu n'kumaona ngati zonse zili bho, mukazindikira muli ku Ntchisi kutsogolo kwa ana 60 pamalo pa chithunzi pali kabokosi kopanda kanthu. Mukaona kuti zina zasowa, tsegulani hts-log.txt, imalemba mafayilo amene alephera kubwera.

Ndikuuzeninso mosabisa kuti si webusaiti iliyonse imene imatheka. HTTrack inapangidwa nthawi imene tsamba linali fayilo yokhazikika. Mawebusaiti ambiri a masiku ano tsamba limamangidwa pompopompo ndi timapulogalamu ta m'tsambamo ta JavaScript mukamalitsegula, ena amafuna mulowe ndi pasiwedi, ena zinthu zimabwera mukamatsitsa tsamba m'munsi. Oterewa HTTrack imabweretsa chigoba chokha. Bokosi lofufuzira mawu nalonso siligwira ntchito pa kope yanu chifukwa limadalira seva ya eni ake, kompyuta imene webusaitiyo imakhalapo, mafunso odziyesa aja oti udine yankho akuuze ngati wakhoza nthawi zambiri amafanso. Zikakanika chonchi musalimbane nazo usiku wonse, ikani pulogalamu yowonjezera yotchedwa SingleFile pa Chrome kapena Firefox, imasunga tsamba limodzi ndi zithunzi zake zonse mu fayilo imodzi, kapena dinani Ctrl ndi P musankhe Save as PDF. Mitu ya silabasi ikakhala 30 ndiye kuti mukhala pansi masana amodzi basi mwamaliza, ndipo ma PDF amenewo mutha kuwatumizira ana amene makolo awo ali ndi mafoni, kapena kukawapulinta.

Pomaliza pa funso lanuli, alamu anuwo muwauze kaye zomwe mukufuna kuchita, Wi-Fi nayonso imakhala ndi malire ake, makamaka ikakhala ya kuntchito kwawo. Komanso pulogalamuyi imakopera pang'onopang'ono mwadala, musaikakamize kuthamanga. Webusaiti yaing'ono ya manotsi nthawi zambiri mwini wake ndi mphunzitsi mnzanu amene akulipira seva yekha, mukamutumizira mapempho mazanamazana pa kanthawi kochepa mukhoza kumugwetsera webusaiti kapena iye akutsekerani khomo. Ndipo ngati pali adiresi ya imelo patsambapo mulembereni, mumuuze kuti ndinu mphunzitsi ku Malawi kumalo kovuta netiweki, ena amakutumizirani okha mafayilo onse mwaulere.

FUNSO: Ine laputopu ndilibe, ndili ndi foni ya Android yokha ndi memori khadi ya 32 GB. Ndikuphunzira unamwino, ndimawerenga kwambiri Wikipedia koma data ikundimaliza. HTTrack ingathe kukopera Wikipedia?
Wophunzira unamwino, Zomba

YANKHO: Achemwali, Wikipedia musaiyese n'komwe ndi HTTrack, ndi yaikulu zedi ndipo eni ake salola kuti anthu aziikokolola mwanjira imeneyo. Chosangalatsa n'choti ntchitoyo anthu ena anakuchitirani kale. Pitani pa Play Store mufufuze Kiwix. Inayamba mu 2007, anaiyambitsa ndi Emmanuel Engelhart ndi Renaud Gaudin, likulu lake lili ku Switzerland, ndipo cholinga chake chenicheni chinali anthu ngati ife amene intaneti ndi yodula kapena kulibiretu. Iwo amatenga webusaiti yonse n'kuipanikiza mu fayilo imodzi ya mtundu wa ZIM, inu mumangodawuniloda fayilo imodziyo, kuitsegula ndi Kiwix, basi mukuwerenga, ndipo kufufuza mawu kumagwira ntchito popanda data, chimene kope ya HTTrack singachite.

Wikipedia yonse ya Chingerezi ndi zithunzi zake imafika cha m'ma 100 GB, mu khadi yanuyo singakwane, koma simukuifunanso yonse. Pali gawo la zachipatala lokha lotchedwa WikiMed, matenda, mankhwala, ziwalo za thupi, limeneli ndi lomwe likukuyenerani ndipo likwana bwinobwino. Mukamasankha fayilo yang'anani mawu ali m'dzina lake: maxi ndiye kuti nkhani zonse ndi zithunzi, nopic ndi nkhani zonse koma zopanda zithunzi, mini ndi ndime zoyambirira zokha za nkhani iliyonse. Kwa inu wa unamwino tengani ya zithunzi, thupi la munthu kuliphunzira popanda kuona n'kovuta. Mulinso mabuku akale a Project Gutenberg, dikishonale ya Wiktionary ndi zina zambiri. Aphunzitsi a ku Ntchisi aja nawonso ayambe ayang'ana muno asanavutike ndi HTTrack, Kiwix iliponso ya Windows.

Pali msampha umodzi umene umagwira anthu ambiri. Makhadi ndi ma flash a 32 GB kutsika m'munsi kawirikawiri amabwera ali pa FAT32, njira yakale yosanjira mafayilo m'khadi, ndipo FAT32 siilola fayilo imodzi kuposa 4 GB ngakhale malo atakhala ambiri bwanji. Ndiye mukaona foni ikukana fayilo koma malo alipo, vuto ndi limenelo. Njira yake ndi kufomata khadiyo kukhala exFAT, njira ina imene imalola mafayilo akuluakulu, ngati foni yanu imaiwerenga, koma samutsani kaye zithunzi ndi nyimbo zanu chifukwa kufomata kumafufuta zonse. Mnzanu m'kalasi akadawuniloda, enanu musawonongenso data, patsanani fayiloyo pa flash kapena foni ndi foni.

Chonde kumbukirani kuti fayilo ya ZIM imaima pa tsiku limene inapangidwa, mwezi ndi chaka zimalembedwa kumapeto kwa dzina lake. Pomvetsa mmene impso zimagwirira ntchito ndi yabwino kwambiri, koma pa mulingo wa mankhwala opatsa wodwala tsatirani mabuku a Unduna wa Zaumoyo ndi zomwe aphunzitsi anu akukuuzani ku wodi, moyo wa munthu usadalire fayilo ya chaka chatha.

FUNSO: Ndine mlembi wa kabungwe kena ka achinyamata. Amene anatipangira webusaiti anasamuka ndipo sakuyankha mafoni, ndalama ya hosting, yolipirira malo osungira webusaiti pa intaneti, ikutha miyezi iwiri ikubwerayi ndipo pasiwedi ali nayo ndi iyeyo. Muli malipoti athu ndi zithunzi za zaka zisanu. Tikakopera ndi pulogalamu mwanenayi ndiye kuti tapulumutsa webusaiti yathu?
Mlembi, Mzuzu

YANKHO: Achimwene, koperani sabata ino, musadikire miyezi iwiriyo. Koma mumvetse chimene mupulumutse. HTTrack imaona zomwe mlendo aliyense amaona, masamba, zithunzi, ma PDF a malipoti, zimenezo mudzakhala nazo. Zomwe zili kuseri siiziona. Ngati webusaitiyo inapangidwa ndi pulogalamu ya WordPress, monga ambiri a mabungwe ang'onoang'ono, nkhani zonse zimakhala mu database, nkhokwe ya zolembedwa imene ili pa seva, pamodzi ndi maakaunti, mauthenga amene anthu anatumiza kudzera pa fomu, ndi nkhani zimene simunazitulutse poyera. Kope yanu idzakhala ngati chithunzi cha nyumba, mutha kuona mmene inaliri koma simungalowemo n'kuyamba kusuntha mipando. Wopanga webusaiti watsopano adzagwiritsa ntchito kopeyo pomanganso, ndipo zimenezo n'zabwino kwambiri kuposa kuyambira pa zero.

Ngati pagulu panu pali wina amene amadziwa Linux, inzake ya Windows yoyendetsera kompyuta, pali pulogalamu ya Wget, inalembedwa ndi Hrvoje Nikšić mu 1996, imachita zomwezi ndi mzere umodzi: wget --mirror --convert-links --page-requisites --adjust-extension --no-parent --wait=1 kenako adiresi yanu. Ka --convert-links ndi kamene kamakonza malinki kuti azigwira popanda intaneti, --page-requisites kamabweretsa zithunzi ndi zokongoletsa tsamba, --wait=1 kamaiuza izipuma sekondi imodzi pakati pa fayilo ndi fayilo.

Chachiwiri, pitani pa web.archive.org, kumeneko ndi Wayback Machine ya bungwe la Internet Archive limene Brewster Kahle anayambitsa mu 1996 ku America. Lembani adiresi yanu muone ngati anasungapo kale masamba anu, ndipo pali malo olembedwa Save Page Now pomwe mungaikepo masamba ofunika kwambiri kuti asungidwe kunja kwa manja anu. Ndi zaulere. Mawebusaiti amafa ndithu, ngakhale akuluakulu, mu 2009 kampani ya Yahoo inatseka GeoCities mmene munali masamba a anthu mamiliyoni, zomwe zinapulumuka n'chifukwa choti magulu odzipereka monga Archive Team anathamanga kukopera tsiku lotseka lisanakwane.

Chachitatu, fufuzani malisiti kapena maimelo akale muone kuti hosting ndi dzina la webusaitiyo zinalipiridwa ku kampani iti ndipo m'dzina la ndani. Ngati zili m'dzina la bungwe, lemberani kampaniyo ndi kalata ya bungwe, akhoza kukubwezerani ulamuliro n'kutenga backup yeniyeni ya database. Kope imene mupange muisunge malo awiri osiyana, ina pa laputopu ya ofesi ina pa flash kwa msungichuma kunyumba.

FUNSO: Nanga peji yathu ya kwaya pa Facebook, tingaikopere yonse chonchi?
Mayi wa kwaya, Balaka

YANKHO: Ayi mayi, pa Facebook mapulogalamu amenewa sagwira, pamafunika kulowa ndi pasiwedi ndipo zinthu zimabwera pang'onopang'ono mukamatsitsa. Koma Facebook yomweyo ili ndi njira yake mu Settings yodawunilodera zinthu zanu, amene ali admin wa pejiyo apemphe kumeneko, amadikira pang'ono kenako amalandira fayilo ya zip yokhala ndi zithunzi, mavidiyo ndi zomwe munalemba. Posankha mtundu wa fayilo asankhe HTML kuti izitseguka mu browser. Wina aliyense akakuuzani kuti mumupatse pasiwedi akukopereni ndi pulogalamu yake, mukaneni, mapeji ambiri amabedwa choncho.

FUNSO: Ndili ndi shopu yoika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni pa msika. Ndaganiza zoti ndizikopera mawebusaiti a maphunziro n'kumaikira ana asukulu pa mtengo wochepa. Pali vuto?
Mnyamata wabizinesi, Lunzu

YANKHO: Ganizo lofikitsa maphunziro kwa ana opanda data ndi labwino ndipo ndikulikonda, koma pali zoti musamale. Chinthu kukhala chaulere kuwerenga pa intaneti sizitanthauza kuti n'chololedwa kugulitsa. Manotsi, zithunzi ndi mabuku zili ndi eni ake, kuno kwathu lamulo la Copyright Act la 2016 limawateteza, ndipo a COSOMA amene mumawadziwa kale pa nkhani ya nyimbo ndi omwe amayang'aniranso zolembedwa. Kukopera kuti uwerenge wekha ndi nkhani ina, kuchulukitsa n'kumalandira ndalama ndi nkhani inanso.

Tsikani m'munsi mwa webusaiti iliyonse muwerenge chilolezo chake. Wikipedia ili pa chilolezo cha CC BY-SA, chimalola kugawa ngakhale kulandirapo ndalama bola osachotsa zosonyeza kumene zachokera ndiponso osasintha chilolezocho, ndiye kuikira mwana Kiwix ndi fayilo ya Wikipedia mu foni n'kumulipiritsa kantchito kanu palibe cholakwa. Mukaona zilembo NC pa chilolezo ndiye kuti eni ake akukana malonda, zimenezo mutha kupatsa ana mwaulere koma osagulitsa. Mukaona All rights reserved, lembani kalata yopempha kaye.

Mukafuna kupita patali, Kiwix ya pa kompyuta ili ndi njira yoti kompyuta imodzi igawire mafayilo ake ku mafoni ena kudzera pa Wi-Fi ya pamalo pomwepo popanda intaneti, ndi mmene timagwiriranso ntchito timabokosi ta RACHEL ndi Internet-in-a-Box timene timaikidwa m'masukulu akumidzi m'maiko ambiri, kena kamangokhala kakompyuta ka Raspberry Pi kokwana m'dzanja. Kompyuta ya mu shopu yanuyo ndi rauta wamba zikhoza kuchita zomwezo, ana akaweruka n'kumakhala pabenchi panja akuwerenga pa mafoni awo, inu mukupitiriza ntchito yanu mkati.